Ndani akuyang'ana mphira ya pa mapolo a ku Golomoti?

Kuyambira 2022 ku Golomoti kuli munda wa sola wa JCM Power wopanga mamegawati 20, wokhala ndi mabatire osungira magetsi. Tonse tinaombera m'manja. Koma kuti magetsi afike kuchipatala cha Mua kapena pachigayo cha ku Mtakataka, amadalira kanthu kamene sikatchulidwa pamsonkhano uliwonse: insuleta, yogwira nthambo kuti moto usadutsire kupolo. Kale inkakhala ya galasi kapena ya dothi lowotcha. Lero zambiri zatsopano n'zotuwa, za mphira ya silikoni yokuta kandodo ka faibagalasi. Kodi alipo amene akutsata mmene mphirayi ikukalambira m'chigwa chotentha chino?

Ikakhala yatsopano, madzi amangogubuduzika pamwamba pake ngati patsamba la koko. Timene timakana madziwo ndi timagulu ta kaboni ndi haidrojeni tolendewera pa unyolo wa silikoni ndi okosijeni. Ndiye chifike chilimwe: fumbi ndi utsi wa lupsa zimakhala pa insuleta, chinyontho cha kunyanja ndi mvula yoyamba n'kuzinyowetsa. Magetsi amayamba kukwawa m'litsiro lonyowalo, pena pamauma, ndipo pouma pamenepo timoto timathetheka. Timotoyo timadula timagulu tija, okosijeni n'kulowa m'malo mwake. Chotsala ndi chikhungu choyera, chofumbutuka, cha silika, chomwecho chimene chili mumchenga. Chimang'aluka, chimasunga madzi. Mphira imayesa kudzichiza potulutsa timafuta take ta mkati, koma timafutato n'takutha. Choopsa koposa n'chakuti kuthetheka mumpweya wonyowa kumabala asidi wa naitiriki. Ameneyu akalowa m'ming'alu amadya kandodo kaja mpaka kuthyoka, nthambo yamoto n'kugwera m'njira ya ana obusa mbuzi.

Chimene chikutipweteka mtima n'chakuti matendawa amaonekera kale chingozi chisanachitike. Ngakhale kuwaza madzi pa insuleta yotsitsidwa n'kuona ngati akuima madontho kapena akungofalikira kumanena zambiri. Nanga a ESCOM, insuleta zimene mumachotsa zitapsa zimapita kukapimidwa, kapena zimangounjikidwa kuseri kwa depoti? Muli ndi kaundula wosonyeza chaka chimene iliyonse inakwezedwa? A Malawi Bureau of Standards, mphira yolowa m'dziko muno mumaiyesa ngati ingapirire timoto ndi dzuwa la kunyanja, kapena mumakhulupirira pepala la wogulitsa? A MERA, mukamamva zokweza mtengo wa magetsi, mumafunsa kuti ndalama zingati zikupita kukuyendera mizere ya kumidzi? Magetsi akathima nthawi ya mvula n'kumati ndi mphenzi, ndani amatsimikiza kuti sinali insuleta yotha kale?

Inu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, mukamva polo ikulira chiii usiku kapena mukaona timoto pamwamba pake, musayandikire. Talikitsani ana ndi ziweto, kauzeni a ESCOM tsiku lomwelo, ndipo a mfumu adziwe kuti mwanena.