WALIRA MVULA WALIRA MATOPE: Phungu Mlimi ndi Asilikari Obwerako ku Nkhondo



Pa misonkhano yathu pali funso limene silitha kubwera, ndilo lakuti: kodi phungu wabwino timdziwa ndi chiani? Ena ati ndiye wodziwa kulankhula, ena ati ndiye wogula bokosi pa maliro, enanso ati ndiye wosasowa pa mpira wa anyamata. Lero ndifuna kuyankha funso limeneli ndi nkhani ya mlimi wina wa ku America, dzina lache Jon Tester, amene anakhala phungu zaka 18, kuyambira 2007 kufikira Januwale 2025. Musanene kuti za kutsidya la nyanja sizitikhudza, pakuti nchito ya phungu ndi imodzi kuli konse: kunyamula madandaulo a anthu ndi kuwasandutsa lamulo.

Poyamba timdziwe munthuyo. Kwao ndi ku Montana, chigawo chachikulu kuposa Malawi katatu, koma anthu ache angopitirira pang'ono miliyoni imodzi, ndipo kumidzi kwache kuli alimi a tirigu ndi oweta ng'ombe. Munda wache uli pafupi ndi kamudzi ka Big Sandy, pa nthaka imene agogo ache anayamba kulima mu 1912. Ali ndi zaka 9 anaduka zala zitatu za kudzanja lamanzere m'makina opera nyama. Atakula anaphunzitsako nyimbo pa sukulu ya kwao, ndipo ngakhale atalowa mu Senate, imene iri Nyumba ya Malamulo ya aphungu 100, awiri pa chigawo chiri chonse, sanaleke kubwerera kumudzi kukafesa ndi kukolola yekha.

Kuyambira 2021 Bambo Tester anagwira mipando iwiri nthawi imodzi. Anali wapampando wa komiti yogawa ndarama za gulu la nkhondo, pafupifupi madola 800 biliyoni pa chaka, ndiponso wapampando wa komiti yoyang'anira asilikari akale. Ndiye kuti dzanja lina linali kugula mfuti, dzanja lina linali kumanga zironda. Mau anga onse lero agona pamenepa: mipando iwiriyi ndi ngongole imodzi. Dziko limene lituma mwana wa munthu ku nkhondo silinamalize kulipira tsiku limene mfuti zaleka kulira iai. Lidzamaliza tsiku limene msilikari wotsiriza wa nkhondoyo aikidwa m'manda. Phungu woiwala chimenechi sanadziwe nchito yache ya chitetezo, ngakhale agule ndege zankhondo chikwi.

Tamvani chimene chinachitika. Pamene asilikari a America anali ku Afghanistan kuyambira 2001 ndi ku Iraq kuyambira 2003, zinyalala za pa misasa yao zinali kutenthedwa m'maenje akulu osaphimba. M'menemo anali kuponyamo matayala, mapulasitiki, mabatire, penti, zotsala za kuchipatala ndi zonyansa za anthu, nathira mafuta a ndege pamwamba kuti moto usazime. Pa msasa wa Balad ku Iraq dzala lotere linali lalikulu ngati maekala 10. Anyamata ndi asungwana anagona, nadya, nagwira nchito mu utsi umenewo miyezi ndi miyezi. Boma lao lomwe linawerengera kuti okwana 3.5 miliyoni angakhale anaupuma.

Atabwerera kwao, ena anayamba chifuwa chosapola, ena kubanika, ena khansa, akali ana ang'ono. Koma kuti munthu alandire chithandizo ndi ndarama ya mwezi ndi mwezi, anayenera kuonetsa umboni wakuti nthenda yache inachokeradi ku utsi uja. Inu amene munapoperako mankhwala m'munda wa thonje, tandiuzani: mutadwala patapita zaka khumi, mungaloze bwanji tsiku ndi botolo limene linakudwalitsani? Chifukwa chache mwa madandaulo khumi ali onse, oposa asanu ndi awiri anakanidwa. Ambiri anafa makalata ao akali m'maofesi. Mmodzi wa iwo amene anadwala chotero anali Sajeni Heath Robinson wa ku Ohio, amene anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 2020 ali ndi zaka 39, ndipo lamulo limene ndinene tsopano linatchedwa dzina lache.

Lamulolo, limene anthu alitcha PACT Act, linatembenuza mlandu. Linalemba mndandanda wa nthenda zoposa 20, pamodzi ndi maiko ndi zaka zimene asilikari anatumikira. Ngati munthu anali kumeneko pa nthawi imeneyo, ndipo wadwala imodzi ya nthenda zimenezo, Boma livomereza lokha kuti nkhondo ndiyo inamdwalitsa, wodwalayo osavutikanso kufuna umboni. Linakumbukiranso nkhalamba za nkhondo ya ku Vietnam, zimene zinawazidwa mankhwala oumitsa nkhalango otchedwa Agent Orange, ndi kuika nthenda yothamanga magazi pa mndandanda wao, patapita zaka ngati 50.

Tsono musayese kuti chinthu cholungama chotere chinadutsa mosavuta. Bambo Tester, wa chipani cha Democratic, anakhala pansi ndi Jerry Moran wa ku Kansas, wa chipani cha Republican, napangana mau a lamuloli. Pa 16 Juni 2022 Senate inavomereza ndi mavoti 84 kwa 14. Koma munapezeka kolakwika pang'ono m'malembedwe, ndipo anayenera kuvotanso. Pa 27 Julayi aphungu 25 amene anavomera poyamba anatembenuka, mavoti anangokwana 55 pamene anafunika 60, ndipo lamulo linaima. Pamenepo asilikari akale, ena a iwo odwala, anakakhala pa makwerero a Nyumba ya Malamulo ku Washington usana ndi usiku, osachokapo, kufikira dziko lonse linawaona. Pa 2 Ogasiti Senate inavotanso, 86 kwa 11, ndipo pa 10 Ogasiti Pulezidenti Joe Biden anasaina. Pofika Meyi 2024 madandaulo oposa miliyoni imodzi anali atavomerezedwa pansi pa lamuloli.

Taonani zinthu ziwiri apa, abale. Choyamba, phunguyo sanachite manyazi kugwirana dzanja ndi wa chipani china pofuna kuthandiza odwala. Chachiwiri, ngakhale iye anali wapampando, lamulo likadafera panjira eni ache akadakhala phee m'nyumba zao. Mutu umodzi susenza denga. Phungu akhoza kulemba lamulo, koma olikankha ndi anthu ogwirizana amene sachoka pakhomo kufikira atayankhidwa.

Ndisabise mau a otsutsa, pakuti nao anali ndi chonena. Owerengera ndarama a Nyumba ya Malamulo anati lamuloli lidzadya pafupifupi madola 280 biliyoni m'zaka khumi. Phungu Pat Toomey wa ku Pennsylvania anadandaula kuti kalembedwe kache kakatsegula khomo lakuti Boma lidziononga ndarama zina zambiri popanda kufunsidwa chaka ndi chaka. Funso lotere siliri lopusa, popeza ndarama ya msonkho ituluka m'thumba la wosauka ndipo iyenera kulondedwa. Angathenso kunena wina kuti pa mndandanda wotere adzalowapo ena amene nthenda yao inachokera ku fodya, osati ku nkhondo. Zoonadi, adzalowapo. Koma ine nditi: nkwabwino kulipira mmodzi wosayenera kusiyana ndi kukaniza asanu ndi awiri oyenera. Ndipo amene afunsa mtengo pa khomo la chipatala pokha, pamene pogula mizinga anangokweza dzanja, muyeso wache ngwonyenga. Walira mvula walira matope. Wavomera nkhondo wavomera ndi odwala ache omwe.

Pa za chitetezo cha dziko Bambo Tester anaonetsa khalidwe lina loyenera kulisunga. Pa 1 Febuluwale 2023 anthu a mu mzinda wa Billings ku Montana anaona chibaluni chachikulu cha ku China chikuyandama kumwamba. Boma la America linati nchozonda, la China linati nchoyesera nyengo chimene chinasokera ndi mphepo. Anthu a ku Montana anali ndi chifukwa chakuopa, pakuti pa msasa wa Malmstrom, pafupi ndi Great Falls, asunga mizinga 150 ya mabomba a atomu, yokwiriridwa apa ndi apo pakati pa minda ya alimi. Chibalunicho anachigwetsa pa 4 Febuluwale, chitadutsa dziko lonse kufika kunyanja ya ku South Carolina. Pa 9 Febuluwale Bambo Tester anaitana akulu a nkhondo pamaso pa komiti yache, nawafunsa poyera chifukwa chimene anachilekera kudutsa pamwamba pa anthu ache. Kumbukirani kuti Boma limenelo linali la chipani chache. Sanaliphimbe. Anasankhidwa ndi anthu a ku Montana, ndipo anafunsa funso la anthu a ku Montana.

Nanga za kumudzi? Apa pali zimene anapambana ndi zimene analephera, ndipo ndinena zonse. Anali mmodzi wa aphungu khumi a zipani zonse ziwiri amene anapangana lamulo la 2021 la ndarama za miseu, milatho, mipope ya madzi ndi intaneti ya kumidzi, limeneli linadutsa. Mu 2020, pamodzi ndi Bambo Moran, anadutsitsa lamulo lothandiza asilikari akale ovutika m'maganizo, makamaka okhala kutali ndi zipatala, lotchedwa dzina la John Scott Hannon, msilikari wa ku Montana amene anadzipha mu 2018. Koma anafunanso kuthyola mphamvu ya makampani anai amene apha ng'ombe 85 mwa 100 ziri zonse zonenepetsedwa ku America, amene alimi adandaula kuti agula ng'ombe motchipa nagulitsa nyama modula. Malamulo amene anabweretsa pa nkhani imeneyi sanadutse. Mu Julayi 2023 mau amene anakankha ndi Mike Rounds wa ku South Dakota, oletsa China, Russia, Iran ndi North Korea kugula minda ku America, anavomerezedwa mu Senate 91 kwa 7, koma anachotsedwa lamulo la chitetezo la chaka chimenecho lisanamalizidwe. Phungu sapambana masiku onse. Chofunika nchakuti mudziwe chimene anayesa, ndi pamene chinagwera.

Tsopano mudzafunsa: kodi anthu anamthokoza? Pa chisankho cha 5 Novembala 2024 anagonja kwa Tim Sheehy wa chipani cha Republican, amenenso anali msilikari kale. Adani ache anati wakhalitsa ku Washington, ndipo avota ndi Bambo Biden pa zinthu zambiri zimene anthu a ku Montana sazifuna. Anagonja ndi mavoti ngati 7 pa 100 ali onse, pamene mtsogoleri wa chipani chache anagonja m'chigawo chomwecho ndi mavoti ngati 20 pa 100. Ena adzati: onani, kugwira nchito sikupindula, bola kugawa nsalu ndi mchere. Ine ndikana. Anthu a ku Montana anali ndi ufulu wonse wakumchotsa, pakuti mpando wa phungu suli ufumu wa m'banja, ndipo wovota ayesa zinthu zambiri, osati chimodzi. Koma munthu anachoka, lamulo linatsala. Mkazi wamasiye amene alandira ndarama chifukwa cha PACT Act safunsa ngati Bambo Tester akali pa mpando. Nsalu ing'ambika, mchere usungunuka. Cholembedwa m'buku la malamulo chidyetsa ndi ana osabadwa.

Nkhani imeneyi siiri yachilendo kwa ife. Agogo athu analembedwa usilikari wa King's African Rifles, namenya nkhondo ku East Africa ndi ku Burma, ndipo chipilala chokumbukira akufa chiri chiimire ku Zomba. M'masiku athu ano ana athu atumidwa kukasunga mtendere m'maiko ena; mu Novembala 2018 asilikari a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo. Ali yense wa iwo anachokera m'mudzi, ndipo obwerako amoyo abwerera m'midzi momwemo, pakati pa inu. Chipilala nchabwino, ndi nkhata za maluwa mu Novembala nzabwino, koma sizigula mankhwala.

Chifukwa chache, tcheyamani ndi mlembi wa nthambi iri yonse, yambani ndi chimene chiri m'manja mwanu. Lembani maina a asilikari opuma, olumala, ndi amasiye a asilikari okhala m'dera lanu, ndi chimene ali yense adandaula. Ndipo tsiku limene phungu wanu adzafika, wa chipani chiri chonse, mutatha kumlandira ndi ulemu woyenera, mumfunse mafunso atatu. Muli mu komiti iti, ndipo mwachitamo chiani? Pamene bajeti ya chitetezo inali kukambidwa, munafunsapo za obwerako ndi za amasiye ao? Ndi liti pamene munafunsa Boma funso lovuta m'malo mwathu? Mayankho ache mlembi awalembe m'buku la nthambi, ndipo chaka chamawa muwawerenge pamaso pache.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malonjezo a pa nsanja ndi fodya wa pachala. Muyeseni phungu ndi chimene wafikitsa pakhomo pa wodwala amene sangathe kukwera basi kupita ku Lilongwe kukadzinenera yekha.

Tsalani bwino, abale, kufikira tidzaonane pa msonkhano wa mwezi uno.