Lekani kutukwana PDF, sinthani katundu

Amalonda anzanga amene mumaoda magemu a patebulo ku Johannesburg, tisanamizane. Ena mukulira kuti mabuku a malamulo a magemu akungodya fumbi m'shopu, ati makasitomala ndi akuba poti akuwerengera pafoni. Akuba chani? Eni magemuwo ndi amene akugawa. Kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa malamulo oyambira a Dungeons & Dragons kwaulere mu 2014. Games Workshop inachitanso chimodzimodzi ndi Warhammer 40,000 mu 2023. Pa DriveThruRPG munthu amalipira PDF n'kuilandira pompopompo.

Ndiye inu mukufuna kupikisana ndi zimenezo? Buku lachikuto cholimba ndi lolemera. Mulilipirire pabasi, lidutse Beitbridge, lifike Mwanza, kenako likhale pashelefu miyezi ndi miyezi mpamba wanu uli gone. Akatulutsa malamulo atsopano, lakalelo mugulitsa motaya.

Taonani bawo. Malamulo ake palibe anagulapo, timaphunzira pongoonerera akuluakulu pansi pa mtengo. Koma wosema bawo amadya ndithu, chifukwa popanda thabwalo palibe masewera. Mwana amene watsitsa malamulo aulere uja mawa afuna madayisi, makadi, tizidole, penti ndi tebulo lokumanapo ndi anzake. Zimenezo foni singamutumizire.

Odani zogwirika ndi manja. Buku muzibweretsa pokhapokha munthu waitanitsa ndipo wapereka dipoziti. Muike tebulo m'shopu, Loweruka anthu azisewera. PDF ikukubweretserani makasitomala, inu mukuwathamangitsa ndi mkwiyo.