Tisonkhe Ndithu, Koma Popanda Riba

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa kuti dera lopanda ngalande limasanduka dambo, ndipo nyumba za zidina zimagwa. Ngalande, misewu ndi mipope zimafuna ndalama. Funso ndi lakuti zichokere kuti.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kudula msonkho wa malo ndi nyumba. Ku America amapitirira apo: amadulira dera limodzi msonkho wapadera, n'kutenga ngongole yachiwongoladzanja, eni nyumba n'kumabweza kwa zaka zambiri. Amene akusirira njira imeneyi ku Liwonde aganize kawiri.

Msonkho sindikuukana. Ndikukana riba, imene Allah adailetsa poyera. Mwana amene sanabadwe adzalipirirenji katapira wa ngalande yokwiririka kale? Ndikukananso ndalama zosatsatika. Liwonde alibe khonsolo yakeyake; tsidya lino la Shire ndi Machinga, tsidya linalo ndi Balaka. Ndalama ya mayi wogulitsa usipa ikalowa m'thumba la boma lonse, adzailondola ndani?

Uthman (Allah asangalale naye) adagula chitsime cha Ruma ku Madina nachipereka ngati waqf kuti aliyense atunge. Ifenso tisonkhe kaye, timange pambuyo. Za dera zikhale m'thumba la deralo, ndipo kawerengedwe kake kamatidwe pamsika ndi pamzikiti mwezi uliwonse. Msonkho ndi amanah. Wousunga adzafunsidwa pano ndi pa Tsiku la Kiyama.