Manambala Athu Azibwerera Kwathu

Mlangizi wa zaumoyo akafika pakhomo panu ndi kaundula wake, amafunsa zambiri: ana alipo angati, analandira katemera, chimbudzi chilipo, madzi mumatunga kuti. Inu mumayankha, iye amalemba, n'kumapita. Manambalawo amapita kuchipatala, kenako kuboma, mpaka ku unduna ku Lilongwe. Koma ndani mwa inu anawaonapo akubwerera?

Funso limeneli linayamba kundivuta nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kwathu kuno, kumene nyumba n'zothinana moti chimbudzi cha wina chimayang'anizana ndi khitchini ya mnzake, ana ankangotsekula m'mimba. Mayi aliyense ankadziwa za mwana wake yekha.

Tinapempha mlangizi wathu kuti abwere ndi kaundulayo Lamulungu lina masana. Amayi anajambula dera lathu pansi ndi makala: tinjira, mtsinje, kiyosiki ya madzi, zitsime. Aliyense amene kwawo kunali wodwala anaika yekha kamwala panyumba pake. Timiyalato tinaunjikana mozungulira chitsime chimodzi chakumunsi kwa zimbudzi, kumene anthu amathamangira madzi akasiya kutuluka pakiyosiki, kapena ya ndowa ikasowa. Tonse tinangoti zii. Ndinadzamva pambuyo pake kuti dokotala John Snow anachitanso zotere ku London mu 1854, ndipo mapu ake analoza pampu ya mumsewu wa Broad Street.

Nawo amayi anamukonza mlangiziyo. Mmodzi anati, "A zaumoyo, nanga mabanja a kuseri kwa chigayo aja simunawalembe?" Munalibedi. M'tauni anthu a lendi amasamuka mwezi ukatha, kaundula n'kutsala ndi maina a anthu amene anachoka kalekale, pamene ana a obwera kumene sadziwika kusikelo. Mlangizi mmodzi, amene boma limafuna kuti aziyang'anira anthu 1,000, sangazione yekha zimenezi.

Bambo wina anafuna kuti tiikenso miyala pa nyumba za odwala TB ndi a HIV. Apo ndiye ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Eni nyumba akamva zotere, mawa lake katundu wa munthu ali panja.

Chitsimecho chikadalipo, mwini wake anakana kuchitseka. Timasinthana kukhala pamenepo m'mawa, kuthira klorini m'ndowa iliyonse. Mvula ikayamba tidzajambulanso.