Kamchira ka Chingelezi kamene kakugwetsa ana athu

Lachisanu lapitali mdzukulu wanga wa Fomu 4 anafika kunyumba ku Chibavi, muno mu Mzuzu, thukuta lili kamukamu. Anathamangira msonkhano wa kalabu yawo, nkupeza chitseko chotseka. Chikalata chinalipo pa bolodi: "The meeting has been called off". Iye anawerenga "called" nkumva kuti aitanidwa. Kamawu ka "off" sanakasamale, chonsecho ndi kamene kamanena kuti msonkhano walephereka.

Pofuna kunena kuti chinthu chachitidwa, m'Chichewa timangomata -idwa kapena -edwa pa mneni: kukana, kukanidwa, kuchotsa, kuchotsedwa. Mngelezi amayamba ndi "was" kapena "has been", amasintha mneni, ndipo kamchira konga "off" kaja kamatsalira kumbuyo. Mukakadula, tanthauzo lathawa. "My application was turned down" ndi kalata yofunsira ntchito imene yakanidwa. Chotsanipo "down", kalatayo yangotembenuzidwa.

Chimene chimandiwawa nchakuti mwana akalephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Komabe ambiri amangoloweza mindandanda ya mawuwa ngati nyimbo, mayeso akatha nkuiwala. Pamene Mzuzu yense wadzaza ndi ziganizo zotere! Ku banki, ku depoti, pa zikalata za madzi: "cut off", "laid off", "filled in". Ziganizozi zimabisanso wochita. "Water will be cut off", adule ndani? Mwana aphunzire kufunsa funso limeneli.

Aphunzitsi a ku Katoto, Luwinga ndi Zolozolo, tumani ana akakopere zikalata zenizeni m'tauni muno, abwere nazo m'kalasi, muzimasulire limodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.