CHIPIKA CHOSADZIŴA MWINI MPHAMVU

Sabata yatha m'ngodya muno tidakambirana za maseŵera amene amafuna nyonga ya mikono. Lero ndifuna tione mbali ina ya thupi imene anthu saitamanda kaŵirikaŵiri, ndiyo luso loima ndi kuyenda pa chinthu chopapatiza kapena chogwedezeka popanda kugwa. Nkhaniyi ndaitenga m'mipikisano ya zopinga imene imaonetsedwa pa wailesi ya kanema, ndipo cholinga changa n'kuteteza chopinga chimodzi chimene opikisana ambiri amachida.

Mpikisano wotchuka wa mtundu umenewu udayamba ku Japan m'chaka cha 1997 pa wailesi ya TBS, ndipo dzina lake ndi Sasuke. Anthu 100 amasonkhana ku Midoriyama, mu mzinda wa Yokohama, kuti adutse zigawo zinayi za zopinga. Lamulo lake ndi louma: munthu akagwera m'madzi amene ali pansi pa chopinga, ulendo wake wathera pomwepo, ndipo ayenera kudikira mpikisano wina. Kuyambira 1997 kufikira 2020 anthu anayi okha ndiwo adamaliza zigawo zonse: Kazuhiko Akiyama mu 1999, Makoto Nagano mu 2006, Yuuji Urushihara mu 2010 ndi 2011, ndiponso Yusuke Morimoto mu 2015 ndi 2020. Mu 2009 Amereka adayambitsa wawo wotchedwa American Ninja Warrior, ndipo maiko ena adatsatira.

Zopinga zambiri m'mipikisanoyi n'zolendeŵera, zokwera ndi zodumpha. Koma pakati pa zimenezi okonza amaikapo chimodzi chosafuna mikono konse. Nthaŵi zina chimakhala chipika chogonekedwa pamwamba pa madzi, chimene chimazungulira munthu akangochiponda. Ku Amereka chimenechi amachitcha Spinning Log. Nthaŵi zina amakhala matabwa opendama uku ndi uku, kapena mgolo umene munthu ayenera kuugudubuza ndi mapazi iye ataimirira pamwamba pake, monga Balance Tank ya ku Japan. Apa ndi pamene timaona zodabwitsa. Mnyamata wa chifuwa ngati cha ng'ombe, amene angathe kulendeŵera ndi zala zokha, amaponda kaŵiri katatu, chipika n'kutembenuka, iye phava! m'madzi.

Tsono alipo anthu amene amati chopinga chotere n'chosalungama. Iwo amati munthu wakhala chaka chathunthu akudzikonzekera, wataya ndalama za ulendo, ndiye atuluke m'mpikisano chifukwa cha phazi limodzi loponda molakwika? Amati pamenepa palibe luso koma mwayi chabe, ndipo okonza amaikapo chipikacho chifukwa oonerera amakondwa poona chimunthu champhamvu chikugwa. Mbali yotsirizayi sindiitsutsa. A wailesi ya kanema ndi amalonda, ndipo amadziŵa kuti kugwa kwa ngwazi kumakopa maso. Koma zakuti kudutsa chipika ndi mwayi, zimenezo ndikuzikana kwamtuwagalu.

Tiyeni tifunse kaye kuti munthu amaima bwanji osagwa. Thupi limadalira amithenga atatu. Woyamba ali m'kati mwa khutu, mmene muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi. Mutu ukatembenuka madziwo amasuntha, ndipo ubongo umadziŵa kumene tapendekera. N'chifukwa chake mwana akazungulira kwambiri amachita chizungulire, pakuti madziwo amapitirira kuyenda iye ataima kale. Wachiŵiri ndi maso. Wachitatu ndi mitsempha ya m'mapazi, m'akakolo ndi m'mfundo zina, imene imauza ubongo pamene chiwalo chilichonse chili. Ubongo umalandira mauthenga atatuwa ndi kulamula minofu kuti kulemera kwa thupi kukhale pamwamba pa phazi limene laponda. Kulemerako kukapitirira phazi, munthu sangachitire mwina koma kuponyanso phazi lina msanga kapena kugwa.

Zonsezi zimaphunzirika. Odziŵa amayang'ana patsogolo, pa malo amodzi osagwedezeka, osati pa madzi. Amapinda maondo pang'ono ndi kutambasula manja, pakuti manja otambasuka amachedwetsa kupendama kwa thupi. N'chifukwa chomwecho Philippe Petit adanyamula ndodo yaitali pamene adayenda pa chingwe pakati pa nsanja ziŵiri za World Trade Center ku New York mu 1974. Pa chipika chozungulira amaponda pakati penipeni ndi kupitirira mofulumira, osachipatsa nthaŵi yotembenuka. Amene amagwa kaŵirikaŵiri ndi uja wafika pakati n'kuyamba kukayika ngati apitirire kapena abwerere. Akuluakulu adati mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo pa chipika mwambiwu umakwaniritsidwa m'kanthaŵi kochepa.

Chikadakhala chinthu cha mwayi, bwenzi aliyense akugwa mofanana. Koma taonani amene amapambana. Kacy Catanzaro, mkazi wamfupi wa msinkhu wa mamita 1.52, adakhala mkazi woyamba kumaliza zopinga zonse za ndime yotsiriza ya mzinda, ku Dallas mu 2014. Iye adakulira m'maseŵera a jimunasitiki, mmene atsikana amadumpha ndi kutembenuka pa mtanda wa masentimita 10 m'lifupi. Makoto Nagano anali msodzi wa m'nyanja yaikulu, munthu wozoloŵera kugwira ntchito pa ngalaŵa imene siikhazikika. Ine sindidabwa kuti anthu otere mapazi awo ali ndi nzeru imene chitsulo chonyamula sichingapereke.

Apa ndi pamene pagona chilungamo cha chopingachi. Mphamvu ya mikono imakondera anthu ena: amuna, achinyamata, ndi amene ali ndi nyumba zochitiramo maseŵera pafupi. Koma chipika sichifunsa msinkhu, sichifunsa ngati ndiwe mwamuna kapena mkazi, sichidziŵa kuti wadya chiyani. Ndiponso, pa zopinga zina munthu wamantha angathe kubisa mantha ake mwa kugwiritsa kwambiri. Pa chipika mantha amaumitsa maondo, ndipo maondo ouma ndiwo amagwetsa. Motero chopingachi chimayesa mtima wa munthu pamaso pa khamu, ndipo mpikisano umene ungachichotse udzakhala wongoyesa kukula kwa minofu.

Ife a kuno luso limeneli si lachilendo. Ndikumbukira ulalo wa mtengo umodzi umene tinkaolokera popita ku sukulu ya pulaimale m'nyengo ya dzinja, madzi ofiira akukokoma pansi. Anyamata otha mpira ena ankakwaŵa pa ulalowo ngati abuluzi, pamene kamtsikana kena, kamene kadazoloŵera kudendekera mtsuko kuchokera kuchitsime, kankangodutsa mabuku ali pamutu. Palibe amene ankakaombera m'manja. Lero luso lomwelo anthu akulionerera pa kanema ndi kulipirira ndalama zambiri: mu 2015 Isaac Caldiero adalandira madola 1,000,000 atapambana mpikisano wa ku Amereka. Ndipo mu 2023 komiti ya Olimpiki idavomereza kuti pa maseŵera a ku Los Angeles mu 2028, mpikisano wa zopinga uloŵe m'malo mwa kukwera akavalo m'maseŵera asanu otchedwa modern pentathlon.

Tsono ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga. Pa sukulu zimene ndaphunzitsapo, mayeso akayandikira nthaŵi ya maseŵera ndiyo imayamba kulandidwa, ndipo ndivomere kuti inenso ndidailandapo kuti ndimalize silabasi. Ikapezeka, timangoponya mpira pabwalo, anyamata khumi ndi mmodzi mbali iyi ndi ena mbali iyo, otsala onse n'kukhala pansi pa mtengo. Tikafunsidwa timati tilibe zipangizo. Kodi mtanda wa bulugama wogonekedwa pa njerwa ziŵiri ungagule ndalama zingati? Kodi kuimirira ndi mwendo umodzi, maso otseka, kumafuna chiyani? Izi si zachibwana ai. Bungwe la World Health Organization limati chaka ndi chaka anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa, ndipo pa imfa zangozi kugwa kumangoposedwa ndi ngozi za pamsewu. Mwana amene taphunzitsa lero kusunga thupi lake ndiye gogo wa maŵa amene sadzathyoka chiuno pakhonde.

Kwa inu amene mwangomaliza sukulu ndili ndi mau ochepa. Ena mwa inu munali ngwazi m'kalasi, koma padafika tsiku limodzi la mayeso kapena la kufunsidwa ntchito, mtima n'kuthamanga, zonse zimene mumadziŵa n'kubalalika. Mwina mukuti kudali kusoŵa mwayi, monga amanenera aja ogwa pa chipika. Ine ndikuti kudekha nako ndi phunziro, ndipo kumabwera mwa kudziyesa kaŵirikaŵiri pamalo poopsa pang'ono mpaka thupi litazoloŵera. Akiyama, Nagano ndi Morimoto onse adalepherapo ku Midoriyama asadapambane, ndipo adabwerera kwawo kukakonza pamene padalakwika. Amene adati cholakwa n'chipika sitikuwadziŵa maina.

Chomwecho pempho langa kwa okonza mipikisano n'lakuti chipikacho achisiye pomwepo, ngakhale amphamvu adandaule. Ndipo ife kuno tisadikire kanema kuti atiuze mtengo wa luso limene amayi athu akhala nalo kuyambira kale. Lolemba likudzali ine ndikagoneka mtanda kuseri kwa kalasi langa, ndipo woyamba kuuyenda pamaso pa ana ndikakhala ine ndemwe. Sabata ya maŵa ndidzakuuzani ngati ndidaoloka.