Za M'maulendo: Nyumba ya Alendo ya ku Mikindani

Mwezi uno tikutengerani, awerengi athu, ku gombe la nyanja yamchere, ku kamzinda kotchedwa Mikindani, kum'mwera kwa Tanzania, pafupifupi makilomita 10 kuchokera ku Mtwara. Ndi malo a asodzi, a timisewu topapatiza ndi nyumba zakale za zitseko zosemasema. Komatu mbiri ya malowa itikhudza ife Amalawi.

Pa 24 Malichi 1866, Dr. David Livingstone anatsika pa doko limeneli pochokera ku Zanzibar, ndipo ndi pano pamene anayambira ulendo wake wotsiriza. Anali ndi Susi ndi Chuma, asilikali a ku India, ngamila ndi abulu, koma ziweto zambiri zinafera m'njira. Analondola mtsinje wa Rovuma, nadzera kwa Mataka, mfumu ya Ayao, nafika pa nyanja yathu m'mwezi wa Ogasiti. M'njiramo anaona mitembo ya akapolo otayidwa, ena ali omangiriridwa ku mitengo. Ambiri mwa anthu amene ankayendetsedwa m'njira zimenezo kunka kugombe anagwidwa m'midzi yozungulira nyanja ya Malawi. Anali makolo athu.

Pa kaphiri koyang'ana padoko pali nyumba yotchedwa Old Boma, imene Ajeremani anamanga mu 1895. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Angerezi anafuna doko lakuya lotumizirapo mtedza, ndipo anamanga Mtwara. Ulimi wa mtedzawo unalephera, koma maofesi ndi malonda zinasamukira komweko, Mikindani nasanduka ngati bwinja. Bomalo linayamba kugumuka. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la ku Britain la Trade Aid linalikonzanso nilisandutsa nyumba yogona alendo, yophunzitsiramo anyamata ndi atsikana a kumeneko kuphika ndi kusamala alendo. Chotero nyumba imene kale inali ya atsamunda inakhala khomo la ntchito kwa ana a eni nthaka.

Kwa banja limene thumba lake ndi lopepuka, ziliponso nyumba za alendo zing'onozing'ono, makamaka ku Mtwara. Musanapereke ndalama, yambani mwaona chipindacho. Funsani ngati madzi alipo, ndipo onetsetsani kuti pabedi pali neti, pakuti malungo sasankha mlendo. Anthu ambiri a m'gombemo ndi Asilamu. Tsono valani modzilemekeza, patsani moni akuluakulu, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Paja akulu anati mlendo ndi mame: sakhalitsa, koma mbiri ya khalidwe lake imatsala.

Inu makolo, mukafika pamalo otere musangogona ndi kudzuka. Yendani ndi ana m'timisewumo, muwafotokozere za anthu amene anawoloka nyanja osabwereranso.

Nanga kwathu kuno? Ku Nkhotakota ulipo mtengo umene Livingstone anakambiranapo ndi Jumbe. Ku Cape Maclear aliko manda a amishoni a Livingstonia amene anayamba ntchito kumeneko mu 1875. Ndi angati mwa achinyamata athu amene anafikako? Nyumba ya ku Mikindani inapulumuka chifukwa anthu anaikonza isanagwe. Malo athu akale akudikira manja anu, achinyamata, ndipo sadzadikira mpaka kalekale.